Kandege ka Lyle ndi Ng'ombe za Glenys

Lyle Petherick anabadwira m'hema cha kufupi ndi tauni ya Camooweal, bambo ake ali pantchito yokumba zitsime m'mafamu a ng'ombe. Anthu amati tsiku lomwe anabadwa kunadutsa ndege ya makalata, khandalo n'kulavula bere n'kuyang'ana kumwamba. Limenelo ndi bodza la pamowa. Khanda la tsiku limodzi lingaone chiyani? Koma amene analipeka ankamudziwa bwino munthuyo. Lyle anakula maso ali m'mwamba, akupunthwa pa chitsa chilichonse. Kusukulu anakhalako zaka zisanu zokha, ndipo chimene anatolako n'kujambula ndege kuseri kwa kope.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri analowa ntchito yoyendera zitsime pa famu ya a Stan Mott. Zitsimezo zinalipo khumi ndi chimodzi, zotchulidwa ndi manambala, ndipo kuzizungulira zonse pa galimoto kunkadya masiku awiri. Ntchito yake inali yomweyomweyo paliponse: kutsika, kumvetsera ngati mjigo wamphepo ukulira bwino, kukwera pa thanki kuona madzi, kenako kutsata paipi mpaka pa chomwera ng'ombe n'kupisamo dzanja. M'chomweramo mumakhala kampira koyandama, konga ka m'thanki ya chimbudzi chogejemula, kamene kamatsegula madzi ng'ombe zikamwa. Ukakakanikiza pansi, madzi ayenera kukuwomba m'dzanja. A Stan sankafunsa lipoti. Lyle akangofika ankamugwira mkono wa malaya n'kuuyang'ana. Ukakhala wopanda ndere zobiriwira mpaka m'chigongono, ankamubweza njira yomweyo asanalawe n'tiyi yemwe.

"Mwana iwe," ankatero mkuluyo, "ng'ombe siimwa m'thanki. Imamwa m'chomwera."

A Stan anali ndi ana awiri, Nev ndi Glenys. Nev, wamkuluyo, anali wapakamwa ngati wailesi. Glenys anali wa mawu owerengeka, koma pa hatchi panalibe mwamuna womupeza. Lyle anamusirira zaka zisanu ndi chimodzi osatsegula pakamwa, mpaka tsiku lina Glenys yemweyo, akukunga waya wa mpanda, anati, "Ngati ukudikira kuti ndikufunsire ineyo, nena, ndidziwe." Anakwatirana chaka chomwecho, ndipo Nev anauza aliyense paukwatipo kuti mlongo wake wafunsira mwamuna, wadzivomeranso yekha.

A Stan atamwalira, anawo anagawana famu. Nev anatenga kumpoto, Glenys kumwera, zitsime zisanu ndi chimodzi, kuyambira Sikisi mpaka Leveni. Koma chuma chenicheni cha mkuluyo sichinali dothi. Zinali ng'ombe zake zofiira, zazikazi zana limodzi ndi makumi anayi, zimene anazipeza posankha nkhunzi ndi misoti kwa zaka makumi atatu mpaka zinasanduka mtundu wakewake: zofiira psuu, zazifupi miyendo, zosaonda ngakhale chaka cha chilala. Zimenezo sanazigawe. Atatsala madzi amodzi anaitana Glenys nati, "Nev amawerenga ng'ombe, iwe umazidziwa. Zofiirazo ndi zako." Ndipo ankazidziwadi. Ankatha kuloza ng'ombe ili kutali n'kukuuza make, make wa makeyo, ndi chaka chomwe inathyoka nyanga. Anaziika m'busa la ku Naini, kumalire kwenikweni, chifukwa udzu wabwino unali kumeneko. Busalo linali lotchingidwa ndi waya mbali zonse, ndipo madzi ake anali a chitsime chimodzi chokhacho.

Lyle anapitiriza kuyendera zitsime, tsopano ngati mwini. Koma misewu ya kuno ndi yamabampu ngati malata, imakugwedeza mpaka mano kuguluka, ndipo zaka makumi awiri ndi zinayi za m'galimoto zinamumaliza msana. Ankatsika pa mpando ngati nkhalamba, akugwirira chitseko. Dokotala wa ku Mount Isa anamuuza mosapsatira kuti akapitiriza, sipadutsa zaka zisanu ayendera ndodo ziwiri. Wina akanalira. Lyle anatuluka m'chipatalamo akumwetulira yekha ngati watola chikwama, chifukwa chilakolako chake cha paubwana chinali chitapeza ponamizira pomveka.

"Glen, ndikuganiza zogula ndege."

"Unayamba kuganiza uli m'mimba. Chatsopano n'chiyani?"

"Dokotala ndiye wanena."

"Dokotala wanena kuti kagule ndege?"

"Wanena kuti ndisiye galimoto. Nanga zitsime ndiziyendera pa ngamila?"

Glenys anapukuta manja pa thaulo. Ankadziwa kuti msanawo sunali wonamizira, ankamumva mwamuna wake akubuula povala nsapato.

"Gula," anatero. "Koma undimvetse bwino. Zitsime zinazo uzichita nazo mmene ungafunire. Pa Naini uzitsika. Phazi pansi, dzanja m'madzi."

"Ah, iwenso! Ungandiphunzitse ntchito ineyo?"

"Sindikukuphunzitsa. Ndikukupempha."

"Ndizitsika," anatero Lyle, ndipo ankanena zochokera pansi pa mtima.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino. Lyle anagulitsa ng'ombe zake zofula n'kupita ku Longreach, kumene mayi ena achikulire, Mayi Beryl Tonkin, ankagulitsa kandege kawo. Mayiwa anali atauluka zaka makumi atatu akusaka ng'ombe zosochera m'mafamu a anthu, ndipo maso anali atayamba kuwakana. Kandegeko kanali kachikasu kofwifwa ndi dzuwa, ka mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ka matayala aakulu ofewa oti n'kutera nawo pa miyala, ndi kagudumu kakang'ono kumchira. Mapiko ake anali a nsalu yokungidwa n'kupakidwa penti. Lyle anakazungulira katatu akukasisita.

"Usachite kukasisita ngati mwana wodwala," anatero Mayi Tonkin. "Kanikiza nsaluyo ndi chala. Ikabwerera, ndi yamoyo. Ikabooka, wagula."

Anakanikiza, inabwerera. Mayiwo anamuonetsa timabowo tomwe mavu amakonda kumatamo dothi, anamuwerengetsa mabuku onse a injini mpaka mutu kuwawa, kenako anamukweza kumbuyo n'kunyamuka naye. Zimene Lyle anamva m'mawa umenewo sanathe kuzifotokoza mpaka imfa yake. Anaona mitsinje youma itatambalala ngati mizu, makangaruu akuthawa mthunzi wa mapiko, msewu womwe unamuthyola msana utasanduka kaulusi. Analira misozi yeniyeni, bambo wa ndevu zake, ndipo Mayi Tonkin ananamizira kuti injini yawagonthetsa. Anagula tsiku lomwelo osanenerera mtengo, chimene kuno n'chamanyazi kuchiulula.

Mayi omwewo ndi amene anamuphunzitsa, miyezi isanu ndi itatu, akumukalipira ngati mwana wobala okha. Kunyamuka anadziwa msanga. Kutera ndiye kunali nkhondo. Kandege ka gudumu kumchira sikakhululuka, ukakatula mosasamala kamadumpha, ndipo Lyle ankadumpha katatu kanayi asanakhazikike. Tsiku lomwe anafika nako kunyumba, laisensi ili m'thumba, Nev anali ataima manja m'chiuno pa bwalo lomwe analambula kuseri kwa khola.

"Alamu!" anakuwa Nev injini itazima. "Mwateratu kanayi. Ndiombere m'manja kutera kwake kuti?"

"Choka iwe, nsanje basi."

"Nsanje ya chiyani? Makangaruu ndili nawo kale kwanga, ndipo samwa mafuta."

Glenys anazungulira kandegeko kamodzi n'kugogoda phiko ndi chala. Lyle anamutsegulira chitseko n'kumulozera mpando wakumbuyo, umene anali ataupukuta mwapadera.

"Kwera, Glen. Kamodzi kokha. Ukaone ng'ombe zako zili m'munsi."

"Nsalu ine ndimaiyanika pachingwe," anatero Glenys. "Sindiikwera."

Ndipo sanakwerepo. Lyle anakamangira kandegeko shedi ya malata atsopano, denga la khitchini likudontha chaka chachitatu. Ankakatsuka Loweruka lililonse, akutseka timabowo take ndi tinsanza kuopa mavu. Glenys ankakatchula kuti mkazi wamng'ono, ndipo chakudya chikapsa ankatuluka pakhonde n'kukuwa kuti, "Mutsanzike mnzangayo, mbale zili patebulo!"

Tisaname, kandege kaja kanagwira ntchito. Ulendo womwe unkamutengera tsiku lathunthu unasanduka wa maola atatu. Lyle ankanyamuka dzuwa likutuluka, pofika nthawi ya tiyi ali pakhonde. Msana unatsitsimuka. Pa chitsime chilichonse analambula kabwalo, ndipo zaka ziwiri zoyamba ankatera ponseponse, Lolemba ndi Lachinayi, osaphonya. Dzinja lina misewu itatsekeka ndi matope, mkazi wa Nev analumidwa ndi njoka, ndipo anali Lyle amene anamunyamula n'kukamutula kuchipatala ku Cloncurry akadapuma. Pakamwa pa Nev panatsekeka mwezi wathunthu, chinthu chimene chinali chisanaonekepo chibadwire chake. Anthu anayamba kumuitana Lyle pa wailesi ya mauthenga, wina ng'ombe zamusowa, wina akufuna mankhwala a mwana, wina akufuna kudziwa ngati moto wolusa walumpha mtsinje. Munthu amene kale ankangodziwika kuti mkamwini wa a Stan tsopano anali ndi dzina lakelake, ndipo dzina limaledzeretsa kuposa mowa.

Chizolowezi chinalowa pang'onopang'ono ngati chiswe. Anazindikira kuti akatsitsa ndege mpaka kufupi ndi nsonga za mitengo n'kupendeka phiko, amaona zonse: mjigo ukuzungulira, madzi m'thanki, ng'ombe pa chomwera. Nanga kuteranso n'kwa chiyani? Anayamba kudumphitsa Seveni, kenako Eyiti. Palibe chinachitika. Patapita chaka ankatera pokhapokha akaona chachilendo. Pa Naini pokha anapitiriza kutsika chifukwa cha lonjezo lija. Koma kabwalo ka pa Naini kanali koipa kuposa tina tonse, kafupi, kamiyala, ndipo zulu zinkamera pakati penipeni ngati bowa, ukagumula lero mawa chiswe chamanganso. Tsiku lina anadumphitsa nati ndidzatera Lachinayi. Lachinayi anateradi. Kenako anadumphitsa kawiri motsatizana. Glenys akafunsa kuti ku Naini kuli bwanji, iye ankati kuli bwino, ndipo silinali bodza.

Unali mwezi wa Novembala, pamene dzuwa limaswa mtengo mvula ikungolonjeza chapatali. Mphepo inali itafooka sabata yonse. Lolemba m'mawa Lyle anafika pa Naini dzuwa litangotuluka, anapendeka phiko n'kuyang'ana. Thanki inali tho, madzi akuchita kusefukira m'mbali. Ng'ombe zofiira zinali zitaunjikana pa chomwera, mutu ndi mutu, moti chomweracho sichinkaoneka n'komwe. Mtima wake unakondwa. Thanki yodzaza, ng'ombe zonse zilipo, munthu ungafunenso chiyani? Anayang'ana kabwalo kaja n'kuona zulu ziwiri zatsopano. Akanatha kuzilambalala. Koma njala inali itayamba kumuluma, ndiye anakweza mphuno ya ndege n'kulunjika ku Teni akuimba mluzu.

Atafika kunyumba anapeza Glenys akuwotcha buledi.

"Ku Naini?"

"Madzi mbwee. Thanki ikuchita kutayikira."

"Watsika?"

"Ndakuuza kuti ikusefukira, Glen. Ndaona ndi maso angawa."

Glenys anatsegula pakamwa kuti afunsenso, koma buledi anayamba kununkha kupserera, ndipo anatembenukira ku chitofu. Lyle anakhala pansi n'kudya mazira atatu. Pa moyo wake wonse, mphindi imeneyo ndi imene anaibwereza kwambiri m'mutu: mkazi wake atatembenuka, iye ali ndi mpata wonse wonena kuti ayi, sindinatsike, ndibwererako ndikadya.

Lachitatu amuna a m'mafamu oyandikana anasonkhana kwa Nev kukamuthandiza kuzula mapaipi a chitsime china chomwe chinafa. Lyle anapita pa ndege, ndipo monga mwa masiku onse anayamba wadutsa kaye pamwamba pa mitu yawo kuti zipewa ziuluke. Cha m'ma teni koloko anakhala pamthunzi wa lole kumwa tiyi, aliyense akudandaula za mphepo.

"Mijigo yangoima njo," anatero Nev. "Mathanki anga onse ali m'munsi mwa theka. Sabata ina yotereyi ndiyamba kupopa ndi injini."

"Pepani anzanga," anatero Lyle akutambasula miyendo. "Ine yanga ya pa Naini ikusefukira."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Nev anatsitsa kapu yake pang'onopang'ono.

"Ikutani?"

"Ikusefukira. Ndaiona Lolemba."

"Mwezi uno? Popanda mphepo? Ng'ombe zana limodzi ndi makumi anayi zikumwapo, zina zoyamwitsa?" Nev sankaseka tsopano. "Alamu, thanki imadzaza chonchotu ngati madzi sakutuluka. Munagwira chomwera?"

Zimenezitu Lyle ankazidziwa asanamere ndevu. Aliyense woyendera zitsime amazidziwa sabata yake yoyamba. Ng'ombe zimene zamwa siziunjikana pa chomwera, zimabalalika kukadya. Iye anaona zizindikiro ziwiri za imfa n'kuziyesa madalitso, chifukwa munthu ukakhala m'mwamba madzi ambiri amangooneka ngati madzi ambiri basi. Anataya kapu n'kuthamangira ku ndege.

Ulendo wa mphindi makumi anayi unakhala ngati chaka. Ndege inkagwedezeka mu mpweya wotentha, iye akupemphera mokweza, munthu amene kutchalitchi ankangopita pa maliro. Asanaone mjigo anaona akhwangwala ndi mphamba zili bii, zikuzungulira. Anatera osadumpha ngakhale kamodzi, pakati penipeni pa zulu ziwiri zija. Kuchokera pamene anachepetsa injini mpaka pamene phazi lake linaponda pansi panadutsa mphindi zitatu. Zitatu basi. Ndi zimenezo zomwe anaumira Lolemba.

Chomwera chinali gwa, matope apansi pake atang'ambika. Ng'ombe zina zinafera pomwepo, mitu itatsamira pa simenti. Zambiri zinali pa waya wotchinga thanki, pomwe madzi osefukira aja ankanyowetsa dothi mkati mwa mpanda. Zinkamva fungo la madzi koma osawafikira, ndipo zinakankhana pamenepo mpaka kufa zitapanikizana, ana awo ali pambali. Zamoyo zinali chiimire, maso atalowa, malilime ali panja, osalira n'komwe. Lyle anamasula paipi. Munatuluka kachule kobiriwira kakufa, kosadzaza n'chikhatho chomwe, katakulungika m'ndere. Pambuyo pake madzi anatuluka mwamphamvu, ozizira bwino, ochuluka. Anayesa kutchinga ng'ombezo kuti zisamwe mwaphuma, koma munthu mmodzi angatchinge zingati? Zina zinamwa mpaka kugwa pomwepo.

Anamuitana Glenys pa wailesi ya m'ndege. Anafuna kuyamba ndi kupepesa, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Glen, bwera ku Naini. Utenge mfuti ndi zipolopolo zonse." Glenys anangoti, "Ndikubwera."

Glenys anafika patatha maola anayi, Nev ali pambuyo pake pa lole. Anatsika n'kuyenda pakati pa mitembo ija osathamanga, akuima pa uliwonse. Zina ankazitchula maina chapansipansi. Anafika pa ng'ombe yokalamba ya nyanga imodzi, imene inali thole lomaliza lomwe a Stan analidinda chizindikiro ndi manja awo. Inali ikupumabe koma yosatha kudzuka. Lyle anatambasula dzanja kuti alandire mfuti.

"Ndipatse, Glen. Usachite wekha."

"Ndi zanga," anatero.

Anaombera yekha zonse zimene sizikanadzuka, makumi awiri ndi zitatu. Dzuwa litapendeka anawerenga zamoyo, zinalipo makumi atatu ndi imodzi. Kenako anabwera pomwe Lyle anaima, nkhope ili mbuu ndi fumbi.

"Lolemba unatsika?"

"Ayi."

"Unayamba liti kudumphitsa?"

Apa Lyle akanatha kunama, mboni panalibe. "Chaka chatha," anatero.

Glenys anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti shuga watha m'sitolo. Akanamutukwana, akanamumenya ndi mfutiyo, Lyle akanapepukidwa. Koma anangoti, "Thandiza Nev kukoka zakufazo, tiziwotche," n'kupita kukatenga dizilo. Anawotcha masiku atatu. Utsi wake unkaoneka mpaka kwa Nev, ndipo fungo lake linamukakamira Lyle m'mphuno moti anatha miyezi osakhudza nyama.

Patapita sabata ziwiri, zotsalazo zitapeza mphamvu, lole ya Nev inabwera kudzazitenga. Glenys anali atamuuza mwamuna wake dzulo lake, akusita malaya: "Zikakhala kwa Nev." Lyle ndiye anatsegula geti lole ikutuluka. Nev anatulutsa mutu pazenera n'kuyang'ana mlamu wake, ndipo kachiwiri m'moyo wake anasowa chonena.

Ena ndiye sanasowe chonena. Amene dzulo ankamuitana pa wailesi kuti awasakire ng'ombe ndi omwewo anayamba kuti ife tinadziwa kale, woweta ng'ombe malo ake ndi pansi. Anthu! Akanakhala kuti anadziwa, bwanji sananene pamene ankamupatsa makalata awo kuti akawaponyere kutauni? Ambiri ankayembekezeranso kuti banja litha. Silinathe. Glenys anapitiriza kumuphikira, kumuseka akamafunafuna magalasi ali pamphuno, kumusisita msana ukavuta. Za ndege sanamuuze kuti agulitse. Lyle anafuna kuigulitsa yekha, mpaka anaimbira Mayi Tonkin, amene tsopano anali osaona.

"Ukagulitsa, ng'ombezo zidzuka?" anafunsa mayiwo. "Ndege yalakwa chiyani? Inakufikitsa pa chitsime. Kutsika inali ntchito yako."

Ndiye sanagulitse. Anauluka zaka zina khumi ndi ziwiri, akutera pa chitsime chilichonse, Lolemba ndi Lachinayi, mphepo iwombe isawombe. Koma kuimba mluzu kunatha. Sanadutsenso pamitu ya anthu, ndipo alendo akamufunsa za kukoma kwa kuuluka ankangoti ndi ntchito ngati ina iliyonse.

Busa la ku Naini analisiya lopanda chiweto, udzu n'kufika m'chiuno. Anthu ankati akuopa mizimu. Ayi, munthuyo anali ndi pulani yake. Pang'onopang'ono, osauza aliyense, anamanga chomwera chachiwiri chokhala ndi paipi yakeyake. Anaika masefa pakamwa pa mapaipi onse. Anakumbitsa chitsime china kumapeto kwa busalo, n'kusalaza kabwalo kaja mpaka kanakhala kabwino kuposa bwalo la kunyumba. Nthawi yonseyi ng'ombe zofiira zinkaswana kwa Nev. Glenys ankapitako mwezi ndi mwezi, ulendo wa maola atatu pa galimoto, ndipo pobwera ankasimba za mathole atsopano maso akuwala. Lyle ankamvetsera, akufunsa mafunso, mtima ukumuwawa. Chaka cha khumi ndi chiwiri zinabwerera pa zana.

Apo m'pamene anati, "Glen, tiye ukaone chinthu ku Naini."

Anapita pa galimoto, Lyle akuyendetsa, msana ukumuluma pa bampu iliyonse. Glenys anali asanapondeko chichokereni masiku a mfuti ndi moto aja. Anatsika, imvi zili mbuu kumutu tsopano, n'kuyendera zonse mosafulumira. Anasuzumira masefa, anatsata mapaipi onse awiri, anakafika mpaka pa chitsime chatsopano, anazula udzu n'kuutafuna tsinde. Lyle ankamutsatira pambuyo chipewa chili m'manja ngati munthu wofuna ganyu.

"Wagwira ntchito yabwino, Lyle," anatero. "Yabwino kwambiri."

"Ndiye ndimaganiza..." Analoza busalo ndi chipewa. "Udzu ndi uwu. Madzi ndi awa, pawiri. Ndimati mwina zofiira zija zibwerere kwawo."

Glenys anayang'ana busa lonselo. Kenako anamugwira mkono, mokoma mtima ndithu, ndipo kukoma mtimako n'kumene kunamupweteka kwambiri.

"Zazolowera kwa Nev," anatero. "Ikamo zofula zako, zinenepa bwino muno."

Lyle anavala chipewa chake. Anadziwa pomwepo kuti kukhululuka mkazi wake anamukhululukira kalekale, koma ng'ombe za bambo ake sadzamusungitsanso mpaka manda. Anakhala limodzi zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo sanafunsenso. Sabata yomwe anabwerako ku Naini ija anakusira zofula zake m'busamo. Zinanenepadi.